Ma thrips m'ma greenhouse a kumadera ouma: kodi amene ali m'mbewu zanu ndi uti?

Mlimi wa tsabola, tomato kapena nkhaka za mu greenhouse (nyumba ya pulasitiki yolimiramo mbewu) akauzidwa kuti mbewu zake zagwidwa ndi ma thrips, kawirikawiri amaona ngati wadziwa zonse, chatsala n'kupeza mankhwala basi. Chisokonezo chimayambira pomwepo. Dzina lakuti thrips si la kachirombo kamodzi ayi. Ndi la gulu lalikulu la tizirombo limene asayansi amalitcha Thysanoptera, ndipo mitundu yake yolembedwa kale imaposa 6,000. Yambiri ilibe naye kanthu mlimi: ina imadya nguwi pa nthambi zouma ndi masamba oola, ina imasaka tizirombo tinzake. Imene imawononga mbewu za mu greenhouse ndi yowerengeka chabe, koma imafanana kwambiri moti ngakhale mlangizi wozolowera sangailekanitse yonse ndi maso okha.

Kuphonya dzina kumaluzitsa. Mtundu wina umafalitsa vairasi yofotetsa tomato, wina suifalitsa. Wina unazolowera mankhwala ambiri, wina amauphabe. Wina umakhala m'maluwa momwe adani ake amaupeza mosavuta, wina umabisala m'nsonga zanthete. Palinso wina woti akangoupeza m'katoni imodzi padoko, katundu yense akhoza kukanidwa. M'madera ouma ndi otentha, kumene ndiwo zamasamba zambiri zimalimidwa m'nyumba za pulasitiki ndi madzi othirira, nkhaniyi ndi yaikulu.

Kachirombo kake ndi kotani?

Thrips wamkulu wa mitundu ya m'mbewu amatalika milimita imodzi kapena iwiri, ndipo ndi wowonda kwambiri. Mapiko ake anayi si otambalala monga a ntchentche. Ndi timizere topyapyala tokhala ndi ubweya wautali m'mbali. Sauluka mwamphamvu, koma mphepo imamunyamula n'kukamutula kutali.

Chodabwitsa chili pakamwa. Tizirombo tambiri tili ndi nsagwada ziwiri, koma thrips ali ndi imodzi yokha, yakumanzere. Yakumanja imafota akadali m'dzira. Ndi nsagwada imodziyo amaboola khungu la tsamba, kenako amalowetsa tizingano tiwiri timene tikagundana timapanga kapaipi, n'kuyamwa zam'kati mwa maselo. Nsabwe za m'mbewu zimachita mosiyana. Izo zimalowetsa mlomo wautali mpaka m'mitsempha yodutsa chakudya n'kukhala pamodzimodzi zikumwa, pamene thrips amakhuthula maselo apamwamba akuyendayenda. Maselo okhuthulidwawo amadzaza mpweya, n'chifukwa chake tsamba limatuwa monyezimira. Mukalitembenuza n'kuliyang'anitsitsa, pamalo otuwawo mupeza timadontho takuda towala, zomwe ndi ndowe zake. Akangaude ofiira nawonso amatuwitsa masamba, ndipo amakonda nyengo yomweyo yotentha ndi youma, koma iwo amasiya timaanga tachikasu ndi ukonde wopyapyala, osati timadontho takudato.

Wamkazi amacheka tsamba, duwa kapena chipatso chanthete n'kubisa dzira m'kati, momwe mankhwala opopera safikamo. Pakatuluka kamwana kopanda mapiko, kamadya, kufundula, kudyanso, kenako m'mitundu yambiri kamagwa pansi n'kukabisala m'dothi kapena m'zinyalala. Kumeneko kamadutsa magawo awiri osadya kanthu, n'kutuluka kali ndi mapiko. Pa kutentha kwa madigiri 25, kuchoka pa dzira kufika pa wamkulu kumatenga pafupifupi milungu iwiri, ndipo kukatentha kufika 30 masikuwo amachepa. Wamkazi sachita kudikira wamwamuna: m'mitundu yambiri dzira losakumana ndi umuna limaswa wamwamuna, lokumana nawo limaswa wamkazi. Choncho wamkazi mmodzi yekha akalowa mu greenhouse angathe kuyambitsa khwimbi. Kwa wofuna dzina, chofunika kusunga n'chakuti pa magawo onsewa ndi wamkulu, makamaka wamkazi, amene ali ndi zizindikiro zodalirika. Tiana ta mitundu yosiyana timangooneka chimodzimodzi, toyera kapena tachikasu.

N'chifukwa chiyani madera ouma?

Kumene kumagwa mvula yambiri, mvula yamphamvu imakokolola ma thrips pamasamba a kutchire ndi a m'minda, dothi lonyowa limapha ambiri mwa amene agona pansi, ndipo nguwi zodwalitsa tizirombo zimakula bwino m'chinyezi. Kuchipululu chithandizo chaulerechi n'chochepa. Greenhouse ya kumeneko ili ngati chitsime chimodzi chotsala m'chilimwe, pamene chamoyo chilichonse cha m'deralo chimathera. Udzu ndi maluwa akutchire amene amamera kukagwa kamvula ka nyengo yozizira akayamba kuuma, kapena minda yoyandikana ya anyezi ndi thonje ikakololedwa, ma thrips amanyamuka n'kulunjika kumene kwatsala msipu wobiriwira. Ndiye m'nyumba imodzi mukhoza kupezeka mitundu itatu kapena inayi nthawi imodzi, ndipo umene unali wochuluka mwezi watha sungakhale womwewo mwezi uno.

Chitsanzo chodziwika ndi Almería, kum'mwera chakum'mawa kwa Spain, kumene mvula ya pachaka ndi pafupifupi mamilimita 200 koma ma greenhouse amaposa mahekitala 30,000. Ulimi wofanana nawo uli ku chigwa cha Souss pafupi ndi Agadir ku Morocco, ku Arava ku Israel, ku chigwa cha Jordan, m'mayiko a ku Gulf, ndi kumpoto chakumadzulo kwa Mexico. Kumene nyumba zathinana, mbewu ya mlimi mmodzi ikazulidwa ya mnzake imakhala itangoyamba maluwa, ndipo tizirombo timangosamuka.

Munthu angafunse kuti bwanji osangotseka mawindo onse ndi neti. Vuto ndi kuwonda kwa thrips. Neti yotchinga ntchentche zoyera iye amadutsa bwinobwino. Kuti atchingike, timabowo tiyenera kuchepa kufika pafupifupi milimita 0.2. Neti yothina chotero imatchinganso mphepo, ndipo m'dera limene kunja kumatentha kale kupitirira madigiri 40, kuchepetsa mphepo n'kuphika mbewu. Amene amaziziritsa nyumba ndi zokupizira zokoka mpweya kudzera m'khoma lonyowa ali ndi vuto lawolawo, chifukwa mpweya wokokedwawo ungabwere ndi tizirombo. Ku Israel, kafukufuku wa m'zaka za m'ma 1990 anaonetsa kuti pulasitiki yotchinga UV, mbali ya kuwala kwa dzuwa imene anthu saiona ndi maso, imachepetsa ma thrips olowa, popeza kuwalako ndi kumene kumawathandiza kupeza njira, koma pulasitiki yomweyo ingasokonezenso njuchi zonyamula mungu.

Mitundu imene imapezeka kawirikawiri

Wotchuka pa onse ndi Frankliniella occidentalis, thrips wa m'maluwa wochokera kumadzulo kwa North America. Theodore Pergande anamulemba mu 1895, ndipo kwa zaka pafupifupi 80 anali nkhani ya kwawo kokha. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 anayamba kufalikira ndi malonda a maluwa ndi mbande. Anapezeka ku Netherlands mu 1983, ku Spain mu 1986, ku Israel mu 1987, ku Australia mu 1993 ndi ku China mu 2003. Amakonda mungu, choncho mukatsegula duwa la tsabola kapena la nkhaka nthawi zambiri mumupeza m'kati. Amapinditsa nkhaka, amasiya zipsera pa tsabola, amathira timaanga tagolide pa tomato, ndipo ndiye wofalitsa wamkulu wa TSWV, vairasi yofotetsa tomato ija. Anazolowera magulu ambiri a mankhwala, kuphatikizapo spinosad, amene kum'mwera chakum'mawa kwa Spain anasiya kumupha bwino patangopita zaka zochepa chiyambireni kugwiritsidwa ntchito. Komabe si mdani pena paliponse: m'minda ya thonje ku California amadyanso mazira a akangaude ofiira.

Thrips tabaci, wa anyezi, ndi wakale m'madera ouma. Analembedwa mu 1889 atapezeka pa fodya, ndipo akatswiri ambiri amati anachokera kum'mawa kwa nyanja ya Mediterranean. Amachuluka kukatentha ndi kuuma, amakonda masamba kuposa maluwa, ndipo m'malo ambiri aamuna sapezeka n'komwe, akazi amangobereka akazi anzawo. Pa anyezi amafalitsa vairasi ya IYSV, yothira maanga achikasu pamasamba. Frankliniella schultzei ndi m'bale wake wa F. occidentalis uja, wofala m'madera otentha, ndipo alipo akuda, alipo achikasu.

Thrips palmi analembedwa mu 1925 kuchokera ku Sumatra, n'kukhala osadziwika kwenikweni mpaka pamene anayamba kuwononga mbewu ku Japan mu 1978. Ndi wachikasu thupi lonse, amakonda nkhaka, mavwende ndi mabiringanya, ndipo mayiko a European Union salola kuti alowe. N'chifukwa chake bungwe la mayiko loona za chitetezo cha zomera, la IPPC, pamene linkayamba kukhazikitsa ndondomeko zozindikirira tizirombo toletsedwa, yoyamba yeniyeni, mu 2010, inali ya iyeyu. Mlimi wotumiza mbewu kunja amene wamusokoneza ndi T. tabaci wotuwa amadziwira padoko.

Scirtothrips dorsalis, wa tsabola, analembedwa mu 1919 kuchokera ku India. Ndi wamng'ono kuposa anzakewa, wachikasu chotuwa, wothamanga, ndipo mapiko ake oderako akawapinda amaoneka ngati mzere wakuda pamsana. Iye sakhala m'maluwa kwenikweni. Amadya nsonga ndi masamba anthete, omwe amapindikira m'mwamba, kukhakhala n'kufiira. Zizindikirozi anthu amazisokoneza ndi matenda a vairasi, ndi kupsa kwa mankhwala, kapena ndi tiakangaude tina tosaoneka ndi maso timene timapindira masamba pansi.

Mlendo watsopano ndi Thrips parvispinus wa kum'mwera chakum'mawa kwa Asia. Ku Europe anaoneka koyamba ku Greece mu 1998 pa maluwa a gardenia, ku Spain mu 2017, ndipo mu 2021 anasakaza minda ya tsabola ku Andhra Pradesh ndi Telangana ku India. M'zaka zaposachedwapa wavutitsa alimi a tsabola ku Almería. Wamkazi ali ndi mimba yakuda, mutu ndi chifuwa zoyererako, miyendo yachikasu, ndi mapiko akuda oyera kutsinde. Wamwamuna ndi wamng'ono, wachikasu yense, moti osadziwa angayese ndi mitundu iwiri. Wosavuta kuzindikira pa onse ndi Heliothrips haemorrhoidalis, wakuda, wa miyendo yoyera, woyenda pang'onopang'ono pa masamba okhwima a mitengo ndi maluwa okongoletsa, koma pa ndiwo zamasamba sachuluka.

Zimene maso angathe, ndi pamene amalekera

Ntchito imayambira m'nyumba ya mbewu momwemo. Tengani pepala loyera, liikeni pansi pa duwa kapena nsonga, gwedezani katatu kapena kanayi. Poyamba muona ngati fumbi ndi mungu basi. Dikirani pang'ono: timizere tina tiyamba kuyenda, tina tikweza nsonga ya mimba m'mwamba, kutambasula mapiko n'kudumpha. Ndi galasi lam'manja lokulitsa ka 10 kapena ka 20 mungathe kulekanitsa akulu ndi tiana, kuona ngati mapiko ali ndi mabanga, ndi kuona ngati thupi ndi losalala kapena lokhakhala. Lembani pamene mwawapeza, chifukwa malowo ndi umboni: odzadza m'maluwa amaloza ku Frankliniella, a m'nsonga zopindika amaloza ku Scirtothrips kapena T. parvispinus, a m'khosi mwa anyezi amaloza ku T. tabaci. Kuloza chabe, osati kutsimikiza.

Pa pepala lomwelo mungaonenso abwenzi. Aeolothrips ndi wamkuluko, mapiko ake ali ndi mizere yakuda ndi yoyera yopingasa, ndipo amadya ma thrips anzake. Scolothrips ndi wotuwa, wa timadontho takuda pa mapiko, ndipo chakudya chake ndi akangaude ofiira. Kupopera mankhwala chifukwa choona awa n'kupha antchito ako omwe.

Makadi a ulimbo, makamaka a buluu amene F. occidentalis amakopeka nawo, amathandiza kuwerenga ndi kudziwa tsiku limene tizirombo tayamba kulowa, komanso mbali imene tikulowera. Koma podziwa dzina sathandiza mokwanira. Ulimbo umamata titsitsi tofunika kuona, fumbi la kuchipululu limakwirira zonse, ndipo dzuwa limaumitsa kachirombo m'masiku ochepa. Makadi amakolanso kwambiri mitundu youlukauluka, n'kusiya ina imene ili phee pamasamba.

Msampha waukulu kwa wodalira maso ndi kuda kapena kuyera kwa thupi. F. occidentalis yemweyo amapezeka wachikasu, wabulauni ndi wapakatikati. T. tabaci akakulira pozizira amada, akakulira potentha amayera. Ndiye m'nyumba yotentha ya kuchipululu, mitundu inayi yosiyana ingathe kuoneka yonse yachikasu, ndipo m'nyengo yozizira mtundu umodzi womwewo ungaoneke ngati wachilendo. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene zithunzi za pa intaneti zimasocheretsa anthu ambiri: chithunzi chimaonetsa kachirombo kamodzi ka nyengo imodzi, mlimi n'kukhulupirira kuti onse a dzinalo amaoneka choncho.

Pa maikulosikopu

Dzina lotsimikizika limachokera ku labotale. Akulu angapo amatoledwa ndi kaburashi kofewa n'kuikidwa m'kabotolo ka sipiriti wa maperesenti 70 kapena kucheperako, ndi kapepala kolembedwa ndi pensulo konena mbewu, malo ndi tsiku. Ndi bwino kutola ambiri, m'maluwa ndi m'masamba padera, chifukwa asanu oyamba akhoza kukhala a mtundu umodzi pamene wowononga weniweni ndi wina. Katswiri amanyika kachirombo m'madzi ochepa mphamvu a sodium hydroxide kuti zam'kati zisungunuke thupi liwonekere, amakagoneka pa kagalasi, amatambasula mapiko ndi tinyanga ndi kasingano, n'kukaphimba. Ndi ntchito yofuna dzanja lofatsa, ndipo ikalakwika apa zotsatira zonse zimakayikitsa.

Chimene amayang'ana si kukongola kwa kachirombo koma kuwerenga. Tinyanga ta Frankliniella ndi ta Scirtothrips tili ndi tizigawo 8, ta T. tabaci, T. palmi ndi T. parvispinus tili ndi 7. Kuseri kwa mutu kuli kachishango kophimba chifuwa: Frankliniella ali ndi titsitsi tatitali kutsogolo ndi kumbuyo kwa kachishangoka, pamene a gulu la Thrips, monga T. tabaci ndi T. palmi, ali nato kumakona a kumbuyo kokha. Pa phiko lakutsogolo, mzere wa titsitsi wa Frankliniella umayenda osaduka kuyambira kutsinde mpaka kunsonga, koma wa T. tabaci ndi T. palmi uli ndi mipata. T. parvispinus amasokoneza apa, chifukwa ngakhale ndi wa gulu la Thrips, mzere wake ndi wosaduka.

Pamwamba pa mutu pali timaso titatu tating'ono. Kwa T. palmi m'mbali mwa timasoti ndi mofiira, kwa T. tabaci ndi motuwa, ndipo chizindikirochi chimaoneka bwino kachirombo kasananyikidwe m'mankhwala aja. Pofuna kulekanitsa abale awiri a Frankliniella, katswiri amaona pamene pamera titsitsi tiwiri tatitali ta pakati pa timasoti: kwa F. schultzei timamera moyandikana kwambiri pakati pa timaso tiwiri takumbuyo, kwa F. occidentalis ndi totalikirana. Kenako amapita ku gawo lachisanu ndi chitatu la mimba, kumene F. occidentalis ali ndi mzere wathunthu wa timano tosongoka, pamene F. schultzei alibe kapena ali nato tochepa chabe. Scirtothrips amadziwika ndi mizere yothinana ya ubweya wochepetsetsa m'mbali mwa mimba. Palibe chizindikiro chimodzi chokwanira pachokha. Dzina limabwera zingapo zikagwirizana.

Pamene DNA yalowererapo

Kuyambira mu 2003, pamene wasayansi wa ku Canada Paul Hebert ndi anzake analimbikitsa kuzindikira nyama poyeza kachigawo kamodzi ka DNA (uthenga wa chibadwa wa m'maselo) ka m'jini yotchedwa COI, njira yachiwiri inatseguka. Ubwino wake ndi woonekeratu: imagwira ntchito pa tiana, pa mazira, ndi pa kachirombo kophwanyika kochotsedwa pa khadi la ulimbo, zomwe pa maikulosikopu n'zovuta kwambiri. Palinso zoyezera zachangu zongofufuza mtundu umodzi woletsedwa, monga T. palmi, zothandiza oyendera katundu padoko.

Koma DNA inabweretsanso mutu wina. Inaonetsa kuti mayina ena amene timawadalira akubisa magulu angapo ofanana thupi. Kafukufuku wa mu 2015 anapeza kuti pansi pa dzina la S. dorsalis pali mitundu yosachepera 9. F. occidentalis ali ndi magulu awiri osiyana chibadwa, T. tabaci ali ndi atatu. Kusiyanaku kuli ndi tanthauzo m'munda: T. tabaci wa pa fodya, amene ali ndi aamuna, amafalitsa TSWV mosavuta, pamene magulu a akazi okhaokha nthawi zambiri amaifalitsa pang'ono kapena osaifalitsa n'komwe.

Okonda njira ya DNA amati ndi yachangu ndipo siidalira akatswiri a ma thrips, omwe ndi ochepa padziko lonse. Okonda maikulosikopu amayankha kuti makina amangofanizira ndi zimene zinasungidwa kale, ndipo ngati woyamba kusunga analakwitsa dzina, aliyense wotsatira alandira cholakwikacho. Onse akunena zoona, ndipo malabotale ambiri osamala amagwiritsa ntchito njira ziwirizi pamodzi.

Vairasi imalowa mwa kamwana

Matenda a TSWV anaoneka koyamba pa tomato ku Victoria, Australia, mu 1915. Mu 1927 zinadziwika kuti amafalitsidwa ndi ma thrips, ndipo mu 1930 kuti choyambitsa ndi vairasi. Lero ikudziwika kuti imagwira mitundu ya zomera yoposa 1,000, kuphatikizapo udzu wambiri womera m'mbali mwa ma greenhouse. Masamba amachita dzimbiri, nsonga zimafota, ndipo zipatso zimatuluka ndi mizere yozungulira yachikasu.

Kafalitsidwe kake n'kachilendo. Nsabwe za m'mbewu zingatole mavairasi ena pa kulawa kamodzi n'kukapatsira mbewu ina nthawi yomweyo. Apa si choncho. Thrips amene angadzafalitse TSWV ayenera kuimwa akadali kamwana. Vairasi imaswana m'thupi mwake, imafika m'malovu, ndipo akakula amaifalitsa moyo wake wonse. Akaimwa atakula kale, saifalitsa, ndipo mayi sapatsira dzira lake. Tanthauzo lake n'lakuti mbewu yodwala imene ili ndi tiana ndiyo gwero loopsa, ndipo wamkulu wolowa kuchokera panja angabwere atanyamula kale matenda a pa udzu umene anakulirapo. Mwa mitundu yonse ija yoposa 6,000, yodziwika kuti imafalitsa mavairasi a banjali siikwana 20. N'chifukwa chake chiwerengero chomwecho pa khadi chingakhale chopiririka ngati ndi mtundu wosafalitsa, koma choopsa ngati ndi F. occidentalis pafupi ndi tomato wamng'ono.

Dzina likadziwika, chimasintha n'chiyani?

Mbiri ya Almería ikuyankha bwino. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 alimi a tsabola ankapopera mobwerezabwereza koma F. occidentalis osafa. Kumapeto kwa 2006 ku Germany anapeza mu tsabola wochokera kumeneko zotsalira za isofenphos-methyl, mankhwala osaloledwa, ndipo msika unagwedezeka. Kuyambira mu 2007 alimi ambiri anatembenukira kwa adani achilengedwe: kachirombo kolusa ka Orius laevigatus, kamene kamakhala m'maluwa n'kumadya ma thrips ndi mungu, ndi kakangaude kolusa ka Amblyseius swirskii, kochokera kum'mawa kwa Mediterranean, kamene kanayamba kugulitsidwa mu 2005 ndipo kamadya tiana tating'ono. Njirayi inayenda bwino chifukwa inagwirizana ndi khalidwe la mtundu umodzi wokonda maluwa.

T. parvispinus atafika, alimi anaona kuti dongosolo lomwelo silikukwanira. Iye amawononga nsonga ndi masamba anthete mbewu ikadali yaing'ono, nthawi imene Orius amakhala asanakhazikike chifukwa maluwa ndi mungu n'zochepa. Mlimi amene ankangowerenga ma thrips pa khadi osafunsa dzina sakanamvetsa chifukwa chake njira imene inamuthandiza kwa zaka zoposa khumi yayamba kulephera. Kuuma kwa mpweya nako kumasankha zida: mazira a tiakangaude tina tolusa, monga Neoseiulus cucumeris, amauma chinyezi chikachepa, ndipo nguwi zopopera monga Beauveria bassiana zimafuna chinyezi kuti zimere pa thupi la kachirombo.

Zimene sizinathetsedwe

Funso loyamba ndi la mayina enieniwo. Ngati S. dorsalis ndi mitundu 9 kapena kuposerapo, kodi malamulo oletsa tizirombo kulowa m'dziko alembedwe pa dzina limodzi lakale kapena pa gulu lililonse palokha? Magulu ambiriwa sanapatsidwe mayina, ndipo sizinafufuzidwe mokwanira kuti ndi ati amene amafalitsa vairasi iti ndi kukana mankhwala ati. M'mayiko angapo a m'chipululu, kumene ma greenhouse akuchuluka msanga, mndandanda wa ma thrips a m'deralo ukadali wosakwanira, pamene mabuku ambiri ozindikirira analembedwera Europe, North America ndi Australia. Mtundu wa komweko wosalembedwa m'bukumo ungathe kukakamizidwa kulowa m'dzina loyandikana nalo.

Pali chiyembekezo chakuti makamera ndi makompyuta adzatha kuwerenga makadi a ulimbo okha. Kulekanitsa thrips ndi ntchentche zoyera pa chithunzi n'kotheka kale; ngati kulekanitsa T. palmi ndi T. tabaci kudzatheke pa khadi lafumbi, popanda kuona titsitsi, akatswiri sanagwirizane. Chiwerengero chimene mlimi ayenera kuchitapo kanthu nachonso chilibe yankho limodzi, chifukwa chimasintha ndi mbewu, msinkhu wake, kupezeka kwa vairasi ndi kuchuluka kwa adani achilengedwe, ndipo malire ambiri amene alipo anayezedwa pa F. occidentalis m'nyengo zozizirirako.

Kutentha kukubweretsa funso lina. Mbewu zopirira TSWV zimadalira kwambiri jini ya Sw-5 mu tomato ndi ya Tsw mu tsabola. Ku Spain ndi ku Italy kunapezeka kale mitundu ya vairasi yogonjetsa majiniwa, ndipo chitetezo cha Tsw chimafooka kukatentha kwambiri kwa nthawi yaitali, zomwe ndi za tsiku ndi tsiku m'nyumba ya kuchipululu. F. occidentalis nayenso savomera kutentha kopitirira madigiri 35. Ofufuza akuyang'anira ngati zilimwe zotalika zidzapereka malo ake kwa mitundu ya kumadera otentha monga S. dorsalis, F. schultzei ndi T. parvispinus, komanso ngati adani achilengedwe amene alimi akugula lero adzapirire kutentha kumeneko.